Kachizindikiro Kamene Agogo Anayatsa

"Amake Tadala, kodi data imayatsidwa pati? Mwana wanga akuti wanditumizira mawu." Anandifunsa choncho anaBanda, oyandikana nafe kuno ku Nathenje, ine ndikuchapa matewera. Ndinapukuta manja, ndinatsitsa chala pagalasi la foni yawo, n'kudina kamodzi. Basi, zatheka. Iwo anapita akuseka, ine ndinatsala ndikumva fungo la fodya wa m'chigafa cha agogo anga aamuna ku Mitundu.

Ndinakulira m'manja mwawo, poti amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni. Amayiwo ndiwo anatitumizira foni. Kuimba kunali kodula, ndiye ankatitumizira mawu ojambula akakhala pa wayifayi ya abwana awo. Agogo ankaisunga foniyo m'kathumba ka shuga, pamtanda wa chigafa, pamene masamba ankauma pang'onopang'ono ndipo mphepo ikadutsa ankachita phokoso ngati anthu onong'onezana. Data ankaiopa. "Mkazi wanga," ankandiseka motero, "data ili ngati parafini. Ukaisiya ikuyaka masana, usiku ugona mumdima."

Koma kuiyatsa sankatha. Pa foni imeneyo unkayenera kulowa uku, kutsika uko, zonse m'Chingerezi, ndipo zala zawo zong'aluka, zakuda ndi utomoni wa fodya, galasi linkazikana. Choncho Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tinkapita kugolosale ya Che Yusufu. Iwo ankayatsa, ife n'kumvera amayi, n'kuyankha, kenako ankazimitsa.

Chaka china, nthawi yosoka fodya, Che Yusufu anapita kwawo kukadwazika mayi awo. Agogo anati tiyese tokha. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo akupukuta chala pamalaya, ine ndikuwerenga zilembo ndi Chingerezi changa cha sitandade faifi. Tinadina pena pake, pamwamba n'kuoneka kachizindikiro konga mchira wa nkhunda.

"Yayaka!" anatero agogo, akundimenya paphewa. "Yusufu watha ntchito."

Tinadikira. Foni inangoti zii. Tsiku lililonse ankaitsitsa pamtanda, kuyatsa kamchira kaja, kudikira, kuzimitsa msanga kuti data isathe. "Mayi ako atanganidwa," ankatero. "Azungu sapumitsa munthu."

Che Yusufu atabwera anangoyang'ana kamodzi. "Madala, iyi ndi wayifayi. Kumudzi kwanu igwira chiyani? Data sinayake n'komwe." Anadina pena, foni inayamba kulira osaleka, uthenga pamwamba pa unzake. Woyamba amayi ankati chifuwa chikuwavuta. Wina ankati awagoneka m'chipatala. Wina mawu atatsika: "Bambo, bwanji simukuyankha? Mupatseni mwana wanga Chisomo foni, ndingomumva." Wotsiriza unali wa mayi wina wachilendo, mnzawo wa kumeneko, wotiuza za maliro a amayi.

Agogo anakhala pansi pakhonde la golosale, chipewa chili m'manja. Sanaigwirenso foni ija mpaka imfa yawo, ndipo sananditchulenso mkazi wawo.

Lero munthu aliyense akandifunsa, ndimasiya zimene ndikuchita. Ndimamuonetsa kamchira ka nkhunda, ndimamuonetsa timivi tiwiri ta data, ndi kumuuza abwereze mpaka chala chizolowere.

Masiku onse aja data ya agogo inatsala yonse, yosakhudzidwa. Chimene chinatayika ndi ichi: amayi anapempha kumva mawu anga, ndipo sanawamve.