Ndalama ya ku Tilbury

A Elwood Pokorny ndinawadziwa chifukwa cha funso limodzi. Ine ntchito yanga ndi kugula ndalama zakale zapepala, zija ankatulutsa mabanki a m'matauni ang'onoang'ono, zolembedwa dzina la tauniyo ndi kusainidwa pamanja ndi akuluakulu a banki. Chaka chilichonse pamsika wathu ku Omaha, mkuluyu ankafika patebulo langa, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, ya ku Tilbury yapezeka?"

"Akulu, Tilbury wanuyo ngakhale agalu anasamukako."

Ankaseka, koma sindinkanama. Banki ya kumeneko inagwa mu 1931, njanji anazula, ndipo pomwe panali sukulu pano ndi munda wa chimanga. Wosaina ndalama za bankiyo anali bambo awo, a Anton, amene anamwalira a Elwood ali ndi zaka zisanu. Sanasiye chithunzi kapena kalata. A Elwood sanakwatire, ankakhala okha m'kachipinda pamwamba pa sitolo ya nsapato. Chomwe ankafuna n'kungoona malembedwe a bambo awo.

Patatha zaka makumi awiri inapezeka, ya madola khumi, m'Baibulo la mayi wina wamasiye. Ina ya ku Tilbury sindinaimvepo. Koma inki inali itafufutika, dzina likungooneka ngati mthunzi. Ndinawagulitsa pamtengo womwe ndinagulira, zomwe sindichitachita.

"Musaichape, musaisite," ndinawachenjeza. "Mukangoikhudza ndi cholembera, yasanduka pepala loyatsira moto."

Chaka chotsatira anabwera nayo. Dzina lija linali lakuda bii: Anton Pokorny. Anali atalitsata ndi cholembera, chilembo chilichonse. Ndinapsa mtima.

"Akulu, mwatani? Chinthu chogula galimoto mwachipha ndi manja anu!"

"Ndani anati ndikugulitsa?" Anaisisita ndi chala. "Taonani P wawoyu. Ankayambira pansi kukwera m'mwamba. Inenso ndimatero. Zaka zonsezi osadziwa kuti ndinatengera iwo."

Ndinawerama n'kumuyang'anitsitsa P uja.

A Elwood anamwalira chisanu chitangoyamba. Kumaliro tinalipo atatu: abusa, mwini nyumba ndi ine. Ndalama ija anandisiyira mu envulopu, ndipo ili m'dilowa langa. Ogula akaiona amati, "Chitsiru chanji chinaononga imeneyi?" Zimandiwawa, koma ndimangoibwezera m'dilowa. Wodziwa kuti padzina limenelo panadutsa manja a anthu awiri ndatsala ndekha.