Mpando wa Kutsogolo

Mlamu wanga ndi woyeza malo. Sindikonda kutama munthu, koma malire amene iye anakhoma sanayambanitsepo anthu. Anagwira ntchito zaka zambiri pa kampani yomanga nyumba. Chuma chitavuta, anthu analeka kumanga, ndipo kampaniyo inayamba kumuitana mwa apo ndi apo. Wantchito wa m'nyumba anapita, nyama inayamba kuoneka Lamulungu lokha, kenako galimoto inagulitsidwa.

Zonsezi anapirira. Chimene chinamudya mtima ndi china. Kale ankaperekeza mwana wake wamkazi kusukulu m'mawa uliwonse, mwanayo ali mpando wa kutsogolo, akulongolola njira yonse za aphunzitsi, za anzake, ngakhale za maloto ake. Tsopano mwanayo ankakwera galimoto ya neba wawo, wogulitsa matayala akale, amene malonda ake anakwera anthu atalephera kugula atsopano.

Madzulo mlamu ankafunsa, "Kusukulu kunali bwanji, mayi?"

"Bwino. Ndawauza kale ankolo." Ankolowo anali neba uja.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza mlamu akusuzumira pa katani, neba akukweza mwana m'galimoto.

"Taonani alamu, mpaka kumutsegulira chitseko! Mwana wakeyo?"

Mlongo wanga anaseka kukhitchini. "Nsanje imeneyi mukanachitira ine, bambo, ndikanadziwa kuti ndikadali wokongola."

Mlamu sanaseke. Mawa lake anavala tayi, nanyamula makina ake oyezera, naima pageti, ngakhale kuti kuntchito sanamuitane.

"Neba, mungandisiyeko kutsogoloku?"

"Kwerani bwana! Koma mpando wa kutsogolo uli ndi mwini wake."

Anakhala kumbuyo, tayala kuno, zikwama uko, makina pamiyendo. Mwana analongolola njira yonse atayang'ana kwa ankolo ake. Bambo ake anangomva ngati munthu womvera pakhoma.

Pageti ya sukulu mwanayo anatsika, kenako anasuzumira pawindo la kumbuyo.

"Ababa, mawa mubwerenso. Ankolo samvetsera, amangoti ee, ee."

Mlamu anatsikira pa mphambano yotsatira, nabwerera kunyumba wapansi, makina paphewa, thukuta lili kamukamu. Mpaka lero amakwera m'mawa uliwonse, ndipo mwana amalankhula atatembenukira kumbuyo. Makina anasiya kunyamula. Koma wa matayala akamatsegulira mwanayo chitseko, mlamu amayang'ana kumbali.