Mbalagha ya Kuseri kwa Chigayo

Mpaka lero fungo la nthochi zophika ndi nyama ya ng'ombe limandibweza ku Chitipa Boma, m'nyengo yozizira ya chaka chimene matipate anayamba. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Kwathu ndi ku Dedza, koma bambo anawatumiza kumeneko kukagwira ntchito ya kasitomu kumalire. Kwa ine bomalo linali mzinda waukulu, ndipo ndinkadzitama kuti panalibe kanjira kamene phazi langa silinapondemo.

Nyengo imeneyo bambo anagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa chachikulu. Mankhwala ankamwa, koma mayi akabwera ndi phala ankatembenukira kukhoma. Namwino anatiuza mosapsatira mawu kuti akapitiriza kukana chakudya tiwataya. Tsiku lina bambo ananong'ona kuti patapezeka mbalagha mwina angalaweko. Mbalagha ndi nthochi zaziwisi zophikira pamodzi ndi nyama, chakudya chakumpoto chimene mayi sankadziwa kaphikidwe kake.

"Zimenezo ndisiyireni ine," ndinatero, mtima uli m'malo.

Tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu ndinkamanga bakuli m'chitenje n'kuyamba ulendo. Mphepo ya ku Chitipa inkandithira fumbi m'maso, milomo n'kuchita kung'aluka. Ndinayambira kumsika, mu lesitilanti ya chitseko chobiriwira mmene madalaivala ankadya tchipisi cha mazira. Ndinafika kwa bambo wina wa ku Tanzania amene ankakuwa "Karibu!" ngakhale kwa mbuzi yodutsa. Ndinkasuzumira ndi m'mabala momwe, mmene rumba inkalira dzuwa lili pamutu, azibambo akukangana za zipani ngati adzapatsidwa unduna. Ndinaphunzira kuthokoza m'Chitumbuka kuti "yewo chomene," ndipo azimayi ophika ankandiwonjezera msuzi. Koma bambo ankangonunkhiza, kulawa nthochi imodzi, n'kukankha bakuli.

"Si imeneyi, mwanangu."

Sabata inatha, mafupa apakhosi pawo akuwerengeka. Ndinayamba kuchita mantha, ngakhale sindinauze munthu. Madzulo ena mayi akutsuka bakuli lija anandifunsa osandiyang'ana.

"Kuseri kwa chigayo wafikako? Ukadutsa bala ya mpanda wa bango, ukhotere pamtengo wa mango. Pali kanyumba ka malata akale. Ukafunse a Namsukwa."

Zinandiwawa kuti mayi, munthu wongodziwa njira ya kutchalitchi ndi kumjigo, andiphunzitse boma langa lomwe. Komabe ndinapita. Panalibe chikwangwani ngakhale mabenchi a makasitomala. Panali mayi wamtali, mphika uli pambaula, ndi mpando umodzi wokha wa ndalema. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe ndiwe Chikondi, eti? Mphuno ndi ya adada yeneyiyo. Adada ŵako ŵali uli?"

Nditawauza za matenda a bambo, anaika chipande pansi n'kukhala kaye pakhonde. Kenako anadzuka, osandifunsa kanthu, n'kusankha nyama yopanda mafuta ndi nthochi zofewa zapansi pa mphika. Anang'amba tsabola wa kambuzi mmodzi n'kumuika pambali, ndendende mmene bambo ankakondera. Kuseri kwa chitseko ndinaonako chipewa chofanana ndi chimene bambo ankati chinatayika kumalire. Ndinangoti zipewa zimafanana.

Tsiku limenelo bambo anadya mpaka kunyambita zala. Mayi ndi amene anawagwirira bakuli, n'kumawapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Nditawauza mayi kuti alaweko nawonso, anati akhuta. Kuyambira pamenepo njira yanga inali imodzi: kusukulu, kuchigayo, kuchipatala. Mango asanayambe kupsa bambo anatuluka akuyenda okha, ndipo ine ndinalengeza kwa anzanga onse kuti awachiritsa ndi mapazi angawa.

Ndinakula ndikukhulupirira kuti ndinapeza lesitilanti yoposa zonse m'bomamo. Ndinazindikira ndili pabanja kale kuti sinali lesitilanti ayi, ndiponso kuti chipewa chija chinali chomwecho. Mayi njira ya kuseri kwa chigayo ankaidziwa kalekale. Zinawatengera sabata yathunthu kuti aitchule, koma anaitchula, chifukwa anasankha mwamuna wamoyo kusiyana ndi ulemu wawo. Sanalawepo mbalaghayo ngakhale kamodzi. Koma bakuli ankalitsuka okha tsiku lililonse, n'kundimangira m'chitenje chawo chatsopano.