Kamiyau ya a Romano

Mai Perpétua a kufupi ndi Domwe adali mlimi wa kachewere, munthu wosachuluka mawu, woimba kwaya kutchalitchi. Amuna awo adamwalira kalekale, n'kuwasiyira mwana mmodzi, Florinda.

Masiku amenewo msewu wa kumudzi kwawo udali matope okhaokha, ndipo galimoto yofika kumeneko idali imodzi, kamiyau ya a Romano, ogula kachewere. Mtengo ankatchula okha, alimi n'kumangovomera.

Dzinja lina Florinda nthawi yake yobereka idakwana, koma mwana adakhala mopingasa. Kamiyau idali pamsika, matumba atapakira kale. Mai Perpétua adagwada m'matope kupempha kuti awatengere mwana wawo kuchipatala ku Ulongwe. A Romano adati akuthamangira ku Kalomwe malire asanatseke, naliza injini n'kumapita. Florinda anthu adamunyamula pamachira, ndipo adatsirizika panjira, khanda lili m'mimba.

Pamaliro a Romano adatumiza thumba la chimanga. Mai adalibweza losamasula.

Patapita zaka, boma lidayamba kukonza msewu uja ndi kumanga mlatho. Mai Perpétua, imvi zili mbuu, adalowa ntchito yoswa miyala. Anthu ankati ndi umphawi, osadziwa kuti iwo adali ndi lawo mumtima. Msewu utangotha adapita ku Ulongwe kukakopa ogula ena ochokera ku Tete. Atabwerako adayenda khomo ndi khomo kuuza alimi kuti azisonkhanitsa kachewere pamodzi, mtengo azitchula eni ake. Lamulo adaika limodzi: munthu asawagulitse a Romano kachewere, olo wa mbewu. Mnansi wawo wina adawagulitsa mobisa, ndipo mpaka lero moni sampatsa.

Kamiyau idayamba kubwerera yopanda kanthu. A Romano adakweza mtengo, koma palibe adatembenuka. Adatuma a padiri, ansembe a kutchalitchi kuja, kuti akawapepesere. Mai adamvetsera mwaulemu, adawaperekeza mpaka kumsewu, ndipo Lamulungu lotsatira adasiya kwaya.

Potsiriza a Romano adabwera okha, chipewa chili m'manja, nagwada pabwalo.

"Mai, ndidalakwa. Ana anga akugona ndi njala."

"Inu muli nawo ana oti agone ndi njala," adayankha Mai Perpétua, osasiya kusankha nyemba m'lichero.

A Romano kamiyau ija adaigulitsa, banja lonse lidasamuka.

Lero pafupi ndi mudziwo pali chipatala chaching'ono, ndipo amayi oyembekezera amafikako ndi miyendo yawo. Tsiku lotsegulira anthu adavina mpaka fumbi koboo, koma Mai Perpétua adakhalira kupalira kumunda. Ena amaganiza kuti mtima wawo udazizira tsopano. Koma posachedwapa adamva kuti a Romano ayamba kageni ka nyemba ku Kalomwe, ndipo aliyense wochokera kumeneko amamukhazika pansi, kumufunsa kuti alimi amene akuwagulitsa nyembazo ndi a mudzi uti.