Anajambula Magitala Pamwamba pa Mawu a Mkazi Wanga

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mawa. Nyenje zinkalira m'mitengo, chigayo cha pa Bolero chikugunda chapatali, ndipo m'chigafa changa cha fodya munkamveka magitala a magetsi ndi ng'oma. Inu owerenga, limenelo ndi tsiku limene ndinataya mawu a malemu mkazi wanga, ndipo kaseti yake ndinaipereka ndekha.

Mkazi wangayo, NyaMhango, ankayimba kutchalitchi komanso posankha fodya. Anali ndi nyimbo imodzi yopeka yekha, yothokoza Mulungu mvula ikagwa. Asanayambe kudwala, mphunzitsi wina wa ku Dedza anamujambula akuiyimba pakhonde pathu. Atamwalira, ndinkamvera kaseti imeneyo Lamulungu lililonse ndikabwera kopemphera. Inalipo imodzi yokha.

Wongani, mwana wa mlongo wanga, anali mu bandi ku Mzuzu. Ankayimba nyimbo zimene iwo ankati roko, zaphokoso, gitala akulira ngati sowo yocheka matabwa. Akulu ampingo anzanga ankati ndi za Satana, koma ine sindinkafuna kuweruza chinthu chimene sindikuchidziwa. Eni nyumba a m'tauni atatopa nawo, ndinawalola kudzakonzekera chimbale chawo m'chigafa muja, zida atalumikiza ku batire la galimoto.

Wongani atamva kaseti ija anati, "Asibweni, nyimbo ya amama NyaMhango isathere m'nyumba muno. Tibwerekeni tiiphunzire, ikhale pa chimbale." Ndinapemphera kaye, kenako ndinavomera.

Chimene sindinkadziwa ndi chakuti kaseti imakhala ndi timakutu kumsana kwake, ndipo ukatithyola palibe angajambuleponso zina. Yanga inali nato tonse.

Anaimvera mobwereza, napeka mavesi awo, kolasi n'kuisiya monga anaipekera mwini wake. Chakumasana woyimba ng'oma anafuna kujambula zimene akonzazo kuti akamvetse wa ku situdiyo. Iye ankayesa kuti m'wailesi muli kale kaseti yatsopano, choncho anangodina batani lofiira.

Wongani anandipeza ndikunola khasu. Anagwada, n'kundipatsira kaseti ija. Nditaika kaseti m'wailesi, munangomveka magitala. Sindinakalipe. Ndinangoti, "Itengeni, ilibenso ntchito," ndipo m'mawa mwake anapakira zida zawo. Kunena zoona, ndinamva ngati NyaMhango wamwaliranso. Lamulungu m'nyumba munkangoti zii, ndipo mawu a m'pemphero akuti "monga ifenso tiwakhululukira" ndinkawadumpha.

Mvula itadutsa, anabwera onse ndi chimbale chotha. Wongani anati, "Asibweni, mveraniko kamodzi kokha. Mukakana, nyimbo ija tiichotsa." Anandiuza kuti pofuna kusalakwitsa mayimbidwe, anapita kwa amayi amene ankayimba ndi mkazi wanga m'kwaya, nawatenga ena kukayimba kolasi ku Mzuzu.

Ndinamvera nditaweramitsa mutu. Phokoso linalipo ndithu, koma nyimbo inali yomweyo. Magitala atakhala chete kumapeto, ndinamva mawu amene ndinkayesa kuti sindidzawamvanso. Woyimba ng'oma uja anali atazimitsa wailesi kaseti isanafike kothera, ndipo wa ku situdiyo anapulumutsa kachidutswa kotsalako. NyaMhango anamaliza mzere wake, naseka, n'kunena kuti, "Basi aphunzitsi, yewo, zimitsani, nyemba zanga zikupserera!"

Ndinaseka misozi ikutuluka. Woyimba ng'oma, amene anali asanandiyang'ane kumaso chifikireni, analira kuposa ine.

Masiku ano nyimbo ija ndimakumana nayo m'minibasi ya ku Rumphi. Tsiku lina mayi amene sindimudziwa ankaiyimbira mwana wake kumsana, osadziwa kuti wakhala pafupi ndi mwamuna wa woipeka.

Inu owerenga, chinthu chimene muli nacho chimodzi chokha, cha munthu amene sadzabweranso, musachibwereketse musanakopere china, ngakhale wopemphayo ndi wa magazi anu. Funsani odziwa momwe chimatetezedwera. Inunso achinyamata, yang'anani kaye musanadine batani, chifukwa chimene inu mukuti kaseti wamba, kwa wina ndi munthu. Koma zikakuchitikirani, musatseke chitseko msanga. Ndikanakana kuwamvera tsiku lija, kuseka kwa mkazi wanga sindikanakumvanso.

Nyimbo sindinaichotsetse pa chimbale. Anyamata aja ndinawakhululukira.