Beseni la Amayi pa Sitima ya ku Jebel Ali

Ndinatuluka m'nyumba ku Jumeirah Lake Towers, mumzinda wa Dubai, Lamulungu m'mawa, beseni lachitsulo lili kukhwapa, thaulo paphewa, chigwada chotendera chili m'chikwama. Mlonda wa pansi, amene anazolowera kundiona nditavala yunifolomu ya unesi, anandiyang'ana ngati ntchito yandithera. Ndinangomulonjera n'kudutsa. Ndinkapita ku Jebel Ali kukasambitsa mapazi a mlongo wanga Yohane, afune asafune.

Beseni limeneli linali la Amayi. Iwo anabadwira kum'mawa kwa Congo, m'banja la mpingo wa Amenonayiti. Nkhondo itakula anayenda wapansi ndi pamalole mpaka ku Dzaleka, kumene anakopana ndi bambo athu, mnyamata wa ku Dowa wogulitsa tomato. Chichewa chawo chinali chotsimphina mpaka imfa, koma pokalipa sichinkawavuta. Adzukulu ankawaitana kuti Koko. Kumpingo kwawo amasambitsana mapazi pa mgonero, koma Amayi mwambowo anabwera nawo kunyumba. Mlendo wochokera kutali, mwana wolephera mayeso, awiri okwiyitsana, onse ankamva mawu amodzi: “Khala pansi, vula nsapato.” Ankati munthu savuta kumulankhula mapazi ake ali m'madzi.

Chaka chatha ine ndinapita kukawadwazika kuchipatala mpaka kuwaika m'manda, koma Yohane kuntchito yake ya ulonda anamukaniza tchuthi. Chiyambire pamenepo, ukangotchula Amayi ankadula foni, kenako anasiyiratu kuyankha. Ine ndinali ndi mawu amene Amayi anamusiyira, ndipo ndinkachita mantha kuti nditaya mlongo ali moyo. Lamulungu limeneli Amayi ankakwanitsa chaka ali m'manda.

Pasiteshoni ndinagunditsa khadi, makina anadya madirihamu asanu, ndinalowa mbali ya azimayi. Sitima za kuno zilibe dalaivala, ndiye ulibe womukalipira. Itangonyamuka, beseni linapulumuka n'kugwa, phokoso lake ngati belu la kusukulu. Aliyense anadzutsa mutu pafoni. Mayi wina wa ku Philippines analitola n'kundifunsa ngati ndikukachapa.

“Ndikukachapa mlongo wanga,” ndinatero.

Anaseka mpaka kugwira chitsulo, n'kunena kuti nayenso ali ndi wake wofunika kunyikidwa usiku wonse. Chigwada nachonso chinayamba kudzilengeza. M'sitima muno kudya n'koletsedwa, koma fungo sanaliikire lamulo.

Nyumba zosanja zinatha, kunja kunatsala mchenga, mashedi a katundu ndi makina onyamula makontena. Nditatsika, basi inasowa. Dzuwa linali litakwera ndipo ndinayamba kudandaula mokweza m'Chichewa, poganiza kuti palibe akumva.

“Achemwali, musaitukwane Dubai, imatidyetsa.”

Anali dalaivala wa kabasi ka kampani, bambo wachisilamu wa ku Namwera, dzina lake Che Amidu. Ankapita chopanda anthu mbali yomweyo ya makampu a antchito. “Yalla, kwerani,” anatero. Ndalama anakana, choncho panjira ndinamugulira tiyi wa karaki, uja wamkaka wambiri wotsekemera ngati uchi. Nditamufotokozera za beseni anapukusa mutu.

“Ife timasamba mapazi athu tokha tisanaswali. Inu mumagwira a anthu ena? Ndiye mlonda wovala jombo tsiku lonse? Mulimbe mtima.”

Chakumasana tinafika pageti, ndipo apa ndi pomwe nzeru zanga zinathera. Kukampu ya azibambo mkazi salowa, ngakhale atakhala mlongo wa bere limodzi. Che Amidu anatsika, analowa yekha, n'kukauza Yohane kuti panja pali katundu wake wochokera kumudzi. Sananame.

Yohane anatuluka atavala jombo, akukonzekera shifiti ya madzulo. Anali atawonda. Ataona beseni anaima chilili, kenako anatembenuka.

“Iwe Yohane, ndayenda nalo Dubai yonse ili. Ukabwerera m'katimo ndikhala pageti pano ndiziimba mpaka mabwana ako atuluke.”

Amadziwa maimbidwe anga, ndiye anabwera. Kuseri kwa kakantini kapafupi tinapempha mpando wapulasitiki, ndipo mwini wake wa ku Kerala ku India anatipatsa madzi ofunda a m'ketulo osafunsa zambiri.

“Khala pansi, vula nsapato.”

“Achemwali, anthu akuona.”

“Aone. Amayi anasambitsa mapazi a wapolisi pamsewu wa ku Dowa, iwe ndiwe ndani?”

Anavula. Che Amidu sananame pa nkhani ya jombo. Ndinagwada, ndinayesa madzi ndi chigongono monga ankachitira Amayi, ndipo ndinanyoza zala zake monga ankazinyozera iwo, kuti zinatengera kwa bambo, zonga zidutswa za chinangwa. Anaseka pang'ono, kuseka kuja kunathera m'misozi.

“Sindinaponyeko ngakhale dothi,” anatero. “Mwana wamtundu wanji ine?”

“Ukanayankha foni ukanamva kalekale. Kuchipatala Amayi anandigwira dzanja n'kunena kuti: ‘Umuuze Yohane asataye ntchito chifukwa cha dothi. Ine amayi anga anaikidwa ndi anthu ena ndili panjira, ndipo sindinasiye kukhala mwana wawo.’”

Yohane anayang'ana mapazi ake m'madzi. Anzake awiri a ku Nepal amene ankationerera anayang'ana kumbali. Nditamupukuta anaimirira, anataya madziwo, n'kukapempha ena.

“Tsopano inu,” anatero. “Khalani pansi.”

Tinadya chigwada chija ndi chapati, ife awiri, Che Amidu ndi anyamata a ku Nepal, tikukumbutsana za Koko: momwe ankatsutsira mtengo pamsika m'zilankhulo zitatu, ndi momwe ankaimbira mawu a besi kutchalitchi azibambo akaperewera. Yohane ndiye ankatsogolera nkhani, mpaka basi ya shifiti inachita kumuimbira hutala.

Pobwerera m'sitima ndinakhala pawindo, mapazi ali mbee m'masandasi. Ndinkaganiza kuti Amayi ankakonda mwambowu chifukwa cha kudzichepetsa basi. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti munali nzeru zina: munthu wopanda nsapato sangakuthawe usanamalize kulankhula.

Tisanafike pa nyumba zosanja foni inalira. Anali Yohane.

“Achemwali, chigwada chija mchere unachepa. Amayi sakanachilola.”

“Ndiye udzaphike wekha.”

“Ndidzaphika Lamulungu likubwerali. Koma musadule kaye. Ndiuzeni zonse, kuyambira tsiku lomwe munafika kuchipatala.”