Kamlamba ka m'botolo la maswiti

Chaka chomwe nyanja ya Chilwa inaphwa, matipate atangoyamba kumene, abambo anga anabwera kunyumba kwathu ku Nazombe ndi dengu lopanda kanthu panjinga. Ntchito yawo inali yopikula matemba kunyanja n'kukagulitsa pa Migowi, ndipo tsopano kunalibe choti apikule. Anangobweretsa kamlamba kotalika ngati chala, komwe anakafukula m'matope.

Anakaika m'botolo lalikulu lagalasi, la maswiti a m'golosale. Pansi anayalapo matope a kunyanja, nathira madzi, n'kutsinira kamchere pang'ono. Ankati madzi a ku Chilwa ndi amchere, a pa mjigo okhaokha kangadane nawo. Amayi anawaseka kuti anthu akuvutika ndiwo, iwo akukometsera msuzi nsomba yamoyo.

Kansombako sikanachedwe, kanaboola matope n'kulowa. Ine ndinkakhala pakhonde masana onse, chibwano pa mawondo, kuyang'ana madzi achikasuwo dzuwa likawalasa. Ndinkaona ngati nyanja yonse yasamukira m'botolomo, mabwato, bango ndi akakowa omwe. Nthawi zina ndevu ziwiri zinkasuzumira pa kauna, kenako zii.

Anzawo a abambo anali atayamba kupita ku Mozambique kukasaka maganyu, ndipo ambiri sankabwerako. Abambo anati iwo sachoka kamlamba kakadali moyo, chifukwa nsomba ikudikira madzi ndiye kuti madziwo akubwera. Ndinkachita mantha kwambiri. Ndinkadziwa kuti kakafa, njinga ija idzalowera kum'mawa, ku Mozambique.

Kutentha kutafika pachimake, ndevu zija zinasiya kuoneka. Koma m'mawa uliwonse pamatope pankapezeka kauna katsopano, ndipo abambo ankakaloza mokondwa n'kunyamula khasu kupita kumunda wa chinangwa. Tsiku lina ndinadzuka msanga ndipo ndinapeza amayi atawerama pa botolo, akuboola matope ndi kamtengo ka tsache. Anandiyang'ana osaphethira. Kenako anandituma kukasesa pabwalo, ndipo ndinasesa mpaka malo osafunika.

Mvula inabwera, yambiri, mitsinje yochokera kuphiri n'kudzaza. Titamva kuti madzi abwerera m'nyanja, tinapitako tonse atatu, ine pa kaliyala nditakumbatira botolo, amayi akutsatira pa njinga yobwereka. Kumene kunali ming'alu kunali madzi oyera mbee, osaoneka polekezera.

Abambo analowa m'madzi mpaka m'maondo, napendeketsa botolo pang'onopang'ono. Munatuluka madzi, munatuluka matope. Anapisamo dzanja, napapasa mpaka pansi. Anaima nthawi yaitali atatifulatira.

"Katsogola kale," anatero potembenuka.

Sanandiyang'ane ine. Anayang'ana amayi, natsuka botolo lija bwinobwino, n'kuwapatsa ndi manja awiri.